Luso loumba zipangizo za ndege mosanjikiza: chiyambi, kagwiridwe ndi malamulo ake

Ndege zambiri zonyamula anthu zomwe zapangidwa kuyambira m'chaka cha 2016 zili ndi zipangizo zina zomwe sizinasulidwe, sizinasemedwe ndiponso sizinathiridwe m'chikombole monga zinkakhalira kale. Zipangizozi zinachita kuumbidwa ndi makina oyendetsedwa ndi kompyuta kuchokera ku ufa wa chitsulo kapena ku pulasitiki.

Luso limeneli pa Chingerezi limatchedwa additive manufacturing, ndipo anthu ambiri amalidziwa ndi dzina loti 3D printing. Makampani opanga ndege, mainjini a ndege komanso maroketi ali m'gulu la omwe analilandira msanga, ngakhale kuti ntchito yawo ili ndi malamulo okhwima kwambiri a chitetezo. Kaamba ka malamulowo, chipangizo chomwe makina amachiumba m'masiku awiri chikhoza kudikira zaka zingapo chisanaloledwe kuuluka ndi anthu.

Tanthauzo lake

Mmisiri wosema mtondo amayamba ndi chipika chachikulu n'kumachigoba mpaka mtondo utaoneka, ndipo mbali yaikulu ya mtengowo imathera pansi ngati zibenthu. Woumba mbiya amayamba ndi tsinde lokha n'kumasanjikiza dongo pang'onopang'ono, ndipo dongo lomwe watapa limalowa pafupifupi lonse m'mbiyamo.

Kwa zaka zambiri mafakitale a ndege akhala akutsata njira ya wosema. Amatenga chibulumwa cha chitsulo n'kuchipala ndi makina mpaka patatsala chipangizo chomwe akufuna. Njira zina ndi kusungunula chitsulo n'kuchithira m'chikombole, kuchisula, kapena kulumikiza tizidutswa tambiri powotcherera.

Luso latsopanoli limatsata njira ya woumba. Mainjiniya amajambula chipangizocho pa kompyuta, pulogalamu ina n'kugawa chithunzicho m'tizigawo topyapyala zikwizikwi, kenaka makina amaumba kagawo kamodzi pamwamba pa kanzake kufikira chipangizo chitatha.

Chiyambi chake

M'chaka cha 1981, katswiri wa ku Nagoya m'dziko la Japan, Hideo Kodama, anafalitsa zotsatira za kafukufuku wake wosonyeza kuti n'zotheka kuumba chinthu pounikira pulasitiki wamadzimadzi yemwe amalimba akalandira kuwala. Ku America, Chuck Hull anapempha chiphaso cha umwini wa luso lofanana ndi limeneli mu 1984, anachilandira mu 1986, ndipo m'chaka chomwecho anakhazikitsa kampani ya 3D Systems.

M'zaka zomwezo Carl Deckard, yemwe anali wophunzira pa University of Texas ku Austin, anatulukira njira yomatira ufa ndi kuwala kwa leza. Mu 1989 Scott Crump anapempha chiphaso cha njira yosungunula ulusi wa pulasitiki n'kumauyala m'mizere, ndipo kampani yake ya Stratasys inakula ndi luso limeneli. Chiphasochi chitatha mphamvu mu 2009, makina ang'onoang'ono otsika mtengo anayamba kupezeka m'masukulu ndi m'manyumba.

Poyamba makinawa ankangopanga zitsanzo zoonetsera maonekedwe a chinthu chisanapangidwe m'fakitale. Zinthu zinasintha pomwe akatswiri a bungwe la Fraunhofer ku Aachen m'dziko la Germany anayamba, mu 1995, kusungunuliratu ufa wa chitsulo ndi leza, zomwe zimatulutsa chipangizo cholimba chogwira ntchito yeniyeni. Ku Sweden, kampani ya Arcam, yomwe inakhazikitsidwa mu 1997, inapanga makina osungunula ufawo ndi mphamvu ya ma electron.

Momwe makina amagwirira ntchito

Muyezo wa ISO/ASTM 52900, womwe unatuluka koyamba mu 2015, umagawa lusoli m'magulu asanu ndi awiri. Pa ntchito ya ndege, njira zitatu ndi zomwe zimagwiritsidwa ntchito kwambiri.

Njira yoyamba ndi yosungunula ufa woyalidwa. Makina amayala ufa wa chitsulo pa mbale, mopyapyala pakati pa mamilimita 0.02 ndi 0.1, komwe ndi kupyapyala kofanana ndi tsitsi la munthu. Leza imadutsa n'kusungunula malo okhawo omwe chithunzi chikulamula. Mbale imatsika pang'ono, ufa wina umayalidwa, ndipo leza imadutsanso. Zonsezi zimachitikira m'bokosi lotsekedwa lodzaza mpweya wa argon, kapena lochotsedwa mpweya wonse, chifukwa zitsulo monga titaniyamu zimaonongeka zikakumana ndi mpweya wamba zili zamoto. Titaniyamu amasungunuka pa madigiri 1,668.

Njira yachiwiri ndi yosungunula waya kapena ufa pomwe ukutuluka pa kamwa ya makina, monga achitira wowotcherera zitsulo. Njirayi ndi yachangu ndipo imatha kupanga zinthu zikuluzikulu, koma chipangizo chimatuluka chokhakhala, motero chimafunika kuchipala pambuyo pake.

Njira yachitatu ndi ya ulusi wa pulasitiki wosagwira moto msanga. Iyi imapanga zinthu za m'kati mwa ndege monga mapaipi a mpweya, zogwirira mawaya ndi zotchingira.

Makina akamaliza, ntchito imakhala isanathe. Chipangizo cha chitsulo amachichotsa ufa wotsalira, amachiika mu ng'anjo kuti chitsulo chikhazikike, amachidula pa mbale, ndipo nthawi zambiri amachipanikiza ndi mpweya wotentha kwambiri kuti timibowo tosaoneka ta m'kati mwake titsekeke. Kenaka amachisalaza ndi kuchiunika m'kati ndi makina a X-ray. Ntchito zotsatirazi zimatenga gawo lalikulu la nthawi ndi la ndalama zonse.

Chomwe chinakopa opanga ndege

Chifukwa choyamba ndi kulemera. Mafuta ndi chimodzi mwa zinthu zomwe zimadya ndalama zambiri m'makampani a maulendo a ndege, ndipo kawirikawiri amatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalama zoyendetsera ntchito. Kilogalamu iliyonse yomwe yachotsedwa pa ndege imapulumutsa mafuta pa ulendo uliwonse kwa zaka 20 kapena kuposerapo. Kuonjezera apo, kilogalamu imodzi ya mafuta a ndege ikapsa imatulutsa makilogalamu 3.16 a mpweya wa carbon dioxide, womwe umathandizira kusintha kwa nyengo. Makina oumba amatha kupanga chipangizo cha mphako kapena cha m'kati monga chisa cha njuchi, chitsulo n'kukhala malo okhawo omwe pakufunika mphamvu.

Chifukwa chachiwiri ndi kuonongeka kwa zitsulo zodula. Popala zipangizo zina za titaniyamu, fakitale imagula makilogalamu 10 kapena kuposa kuti itsale ndi kilogalamu imodzi yokwera pa ndege. Zotsalazo zimagulitsidwa motsika mtengo kuti zikasungunulidwenso. Pa kuumba, chitsulo chotayika chimakhala chochepa kwambiri, ndipo ufa wosasungunuka umatha kusefedwa ndi kugwiritsidwanso ntchito motsata malire okhazikitsidwa.

Chifukwa chachitatu ndi kuchepetsa chiwerengero cha zidutswa. Malo aliwonse owotcherera kapena omanga ndi bawuti ndi malo omwe chipangizo chingayambire kutha. Zidutswa zikachepa, pamachepanso makampani ogulako, mapepala oyendera, malo osungira katundu komanso anthu olumikiza.

Chifukwa chachinayi ndi chakuti ndege sizipangidwa zambiri. Fakitale ya galimoto imatulutsa mamiliyoni, choncho chikombole chodula chimabweza ndalama msanga. Mtundu umodzi wa ndege umapangidwa mazana ochepa pa chaka, ndipo maroketi ndi ochepa kuposa pamenepo. Makina oumba safuna chikombole, ndipo kusintha kapangidwe ka chipangizo kumangofuna kusintha chithunzi cha pa kompyuta.

Chitsanzo cha injini ya LEAP

Chipangizo chomwe chinatchukitsa lusoli ndi kampopi kopopera mafuta m'chipinda choyakira moto cha injini ya LEAP. Injiniyi imapangidwa ndi kampani ya CFM International, yomwe eni ake ndi GE ya ku America ndi Safran ya ku France, aliyense theka.

Kampopika kamasakaniza mafuta ndi mpweya, ndipo kamagwira ntchito pa malo otentha koposa. Pofuna kuti injini izimwa mafuta ochepa, mainjiniya a GE anajambula timipata tokhotakhota m'kati mwa nsonga yake. Malinga ndi kampaniyi, anayesa kangapo kupanga nsongayo pothira chitsulo m'chikombole koma analephera. Iwo anapita ku kampani yaing'ono ya Morris Technologies ya mu mzinda wa Cincinnati, yomwe inakwanitsa kuiumba ndi leza. GE inagula kampaniyo mu 2012.

Nsonga yomwe inkafuna zidutswa 20 zowotcherera pamodzi inakhala chidutswa chimodzi cha chitsulo chosakaniza cobalt ndi chromium. GE imati nsongayi ndi yopepuka ndi 25 peresenti ndipo imakhalitsa kasanu kuposa yakale. Injini imodzi imakhala ndi timipopi 18 kapena 19, malinga ndi mtundu wake.

Fakitale ya GE ya ku Auburn m'chigawo cha Alabama inayamba kuumba nsongazi mu 2015. Pofika 2018 inali itatulutsa 30,000, ndipo mu 2021 inafika pa 100,000. Injini ya LEAP inayamba kunyamula anthu mu 2016 pa ndege ya Airbus A320neo ya kampani ya Pegasus Airlines ya ku Turkey. Imagwiritsidwanso ntchito pa Boeing 737 MAX ndi pa COMAC C919 ya ku China. CFM imati LEAP imamwa mafuta ochepa ndi 15 peresenti poyerekeza ndi injini ya CFM56 yomwe inailowa m'malo, ngakhale kuti phindu limeneli likuchokera ku zinthu zambiri zomwe zinasinthidwa pa injiniyo, osati kampopi kokha.

Chipangizo choyamba choumbidwa chomwe bungwe loona za maulendo a ndege ku America la FAA linavomereza pa injini ya GE chinali kabokosi kotetezera kachipangizo koyeza kutentha, kotchedwa T25. Chilolezocho chinaperekedwa mu 2015, ndipo kabokosika kanakonzedwa kuti kaikidwe pa mainjini oposa 400 a GE90 a ndege za Boeing 777.

Mu 2016 GE inagula magawo akuluakulu a makampani awiri opanga makina oumba, Arcam ya ku Sweden ndi Concept Laser ya ku Germany. Injini yake ya GE9X, yomwe FAA inaivomereza mu Sepitembala 2020 kuti iziyendetsa Boeing 777X, ili ndi zidutswa zoumbidwa zoposa 300, kuphatikizapo mapeni ozungulira a kumbuyo kwa injini omwe amapangidwa ku Cameri m'dziko la Italy. Pa injini yaing'ono ya Catalyst, yomwe inavomerezedwa mu Febuluwale 2025, kampaniyi inati zidutswa 855 zinaphatikizidwa n'kukhala 12.

Airbus ndi Boeing

Opanga matupi a ndege anayambira pa zinthu zomwe sizinyamula katundu wolemera. Mu 2015 kampani ya Stratasys inalengeza kuti Airbus inaumba zidutswa za pulasitiki zoposa 1,000 zoika pa ndege za A350 XWB pofuna kuti isachedwe kupereka ndegezo kwa ogula. Mu 2017 Airbus inaika chogwirira cha titaniyamu choumbidwa pa mkono womwe umalumikiza injini ndi phiko la A350 yogulitsa.

M'chaka chomwecho Boeing inayamba kulandira zidutswa za titaniyamu za ndege ya 787 Dreamliner kuchokera ku kampani ya Norsk Titanium ya ku Norway, yomwe imasungunula waya. Izi zinali zidutswa zoyamba za titaniyamu zoumbidwa, zonyamula kulemera kwa thupi la ndege yonyamula anthu, zomwe FAA inavomereza. Panthawiyo Norsk Titanium inati lusoli likhoza kudzachepetsa mtengo wopangira ndege imodzi ndi madola 2 miliyoni mpaka 3 miliyoni ngati zidutswa zambiri zitapangidwa motero.

Ngakhale zili choncho, ndege yaikulu imakhala ndi zidutswa mamiliyoni, ndipo zoumbidwa ndi zochepa kwambiri pa chiwerengero chimenechi. Mapiko, thupi ndi miyendo yoterera zimapangidwabe m'njira zina.

Maroketi ndi zombo za m'mlengalenga

Pa maroketi lusoli lapita patali kuposa pa ndege zonyamula anthu. Chipinda choyakira moto cha roketi chimafuna timipata tambirimbiri m'makoma ake modutsa mafuta ozizira kuti chisasungunuke, ndipo kupanga timipata timeneti m'njira zakale kunkatenga miyezi yambiri.

Mu Januwale 2014 kampani ya SpaceX inaulutsa roketi ya Falcon 9 yomwe injini yake imodzi inali ndi valavu youmbidwa. Kampaniyi inati valavuyo inapangidwa m'masiku osakwana awiri. Kampani ya Rocket Lab, yomwe imaulutsira maroketi ake ku Mahia m'dziko la New Zealand, imaumba zigawo zonse zikuluzikulu za injini yake ya Rutherford. Roketi yake ya Electron, yomwe ili ndi mainjini asanu ndi anayi pa gawo loyamba, inafika m'njira yozungulira dziko lapansi mu Januwale 2018.

Kampani ya Relativity Space inayesa kuumba pafupifupi roketi yonse. Roketi yake ya Terran 1, yomwe 85 peresenti ya kulemera kwake inali ya zinthu zoumbidwa, inanyamuka ku Cape Canaveral mu Malichi 2023. Inapirira nthawi yomwe mphepo imapanikiza roketi kwambiri, koma injini ya gawo lachiwiri inakanika ndipo sinafike komwe inkapita. Patatha mwezi umodzi kampaniyo inasiya mtundu umenewu wa roketi n'kuyamba kukonza ina yaikulu yophatikiza kuumba ndi njira zakale.

Makina oyamba oumba pulasitiki anafika pa malo ofufuzira a International Space Station mu 2014. Mu Disembala chaka chomwecho akatswiri anatumiza chithunzi cha sipanala kuchokera pansi pano kudzera pa kompyuta, ndipo inaumbidwa komweko, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400 kuchokera pa dziko. Mu 2024 bungwe la za m'mlengalenga la mayiko a ku Ulaya la ESA linaumba chitsulo koyamba pa malo omwewo. Galimoto yofufuzira ya Perseverance, yomwe bungwe la NASA linaitsitsa pa Mars mu Febuluwale 2021, inanyamula zidutswa 11 za chitsulo zoumbidwa.

Zovuta zake

Vuto lalikulu ndi lakuti pa kuumba, chitsulo ndi chipangizo zimabadwira limodzi. Fakitale yopala imagula chibulumwa chomwe chinayezedwa kale ndipo mphamvu zake n'zodziwika. Fakitale youmba imapanga chitsulocho pamene ikupanga chipangizo, kagawo ndi kagawo. Mphamvu ya leza ikasintha pang'ono, ufa ukagwira chinyontho, kapena mpweya wamba ukalowa m'bokosi, m'kati mwa chipangizo mukhoza kutsala kabowo kapena malo osagwirana bwino. Kunja chipangizocho chimaoneka chabwino, koma chikagwedezeka ndi kutenthedwa maulendo zikwizikwi, mng'alu umayambira pa kabowoko.

Chipangizo choumbidwa chimakhalanso ndi mphamvu zosiyana malinga ndi mbali yomwe chikukokedwera, chifukwa tizigawo tinasanjikizidwa cholowera mbali imodzi. Makina awiri a mtundu umodzi akhoza kutulutsa zipangizo zosiyana pang'ono, choncho makina aliwonse amayenera kuyezedwa paokha.

Kuopsa kwa ufa wosayera kunaoneka mu 2023 pomwe kampani ya RTX inalengeza kuti ufa wa chitsulo womwe nthambi yake ya Pratt & Whitney inapangira zigawo zina za injini ya PW1100G unali ndi zitsotso. Zigawozo sizinali zoumbidwa mosanjikiza, zinapangidwa popanikiza ufa, koma phunziro lake linakhudza onse ogwiritsa ntchito ufa wa chitsulo. Kampaniyi inati mainjini 600 mpaka 700 ayenera kuchotsedwa pa ndege kuti akaunikidwe pakati pa 2023 ndi 2026, ndipo inalemba chitayiko cha madola pafupifupi 3 biliyoni. Ndege mazanamazana za A320neo zinaima.

Palinso mavuto a mtengo ndi liwiro. Makina akuluakulu oumba chitsulo amagulidwa madola mazana a zikwi mpaka mamiliyoni, ufa wa titaniyamu ndi wodula kuposa chibulumwa, ndipo makina ambiri a leza sangaumbe chinthu chotalika kufika mita imodzi. Ufawo umatha kuyaka kapena kuphulika, ndiponso ndi woopsa kuupuma. Magetsi akazima ntchito ili m'kati, chipangizo chomwe chatenga masiku angapo chikhoza kutayidwa. Pa zinthu zosavuta kupanga zofunika zambirimbiri, monga mabawuti, njira zakale ndi zomwe zili zotsika mtengo.

Malamulo ndi miyezo

Pa maulendo a ndege, chipangizo sichiloledwa kaamba koti chagwira ntchito kamodzi. Wopanga amayenera kusonyeza, ndi umboni wolembedwa, kuti chipangizo cha chikwi chidzakhala chofanana ndi choyamba. Amaumba zitsanzo zambiri, kuzikoka, kuzipinda, kuzitentha ndi kuzigwedeza mpaka zitathyoka kuti malire a mphamvu zake adziwike. Akalandira chilolezo, mtundu wa ufa, makina, mphamvu ya leza ndi ndondomeko yonse zimatsekeredwa, ndipo kusintha kwakukulu kulikonse kumafuna kuunikanso.

Bungwe la miyezo la ASTM International linakhazikitsa komiti yoona za lusoli mu 2009, ndipo bungwe la ISO linakhazikitsa yake mu 2011. Bungwe loona za chitetezo cha ndege ku Ulaya la EASA linatulutsa malangizo ake oyamba mu 2017. NASA inatulutsa muyezo wa NASA-STD-6030 mu 2021 wokhudza zombo za m'mlengalenga, ndipo mu 2023 FAA inatulutsa malangizo okhudza zigawo za injini zoumbidwa ndi ufa woyalidwa.

Malamulowa amasiyanitsa zipangizo malinga ndi chomwe chingachitike zitathyoka. Chotchingira cha pa mpando sichiunikidwa mofanana ndi chigawo chozungulira cha m'kati mwa injini. N'chifukwa chake lusoli linayambira pa zinthu za pulasitiki ndi zigawo zosazungulira, n'kumapita pang'onopang'ono ku zigawo zomwe moyo wa okwera umadalira.

Izi zikukhudzanso nkhani ya masipeyala. Chiyembekezo cha makampani ambiri n'chakuti m'malo mosunga zipangizo zosinthira m'nyumba za katundu kwa zaka zambiri, azisunga zithunzi zake pa kompyuta n'kumaumba pomwe zafunika. Koma kukhala ndi chithunzi ndi makina sikupereka ufulu woika chipangizo pa ndege. Chipangizo chilichonse chimayenda ndi chikalata chochokera ku fakitale yovomerezeka, monga EASA Form 1 kapena FAA Form 8130-3. Mu 2023 zinadziwika kuti kampani ina yogulitsa masipeyala ku London inagulitsa zidutswa zikwizikwi za mainjini, makamaka a CFM56, ndi zikalata zachinyengo, zomwe zinachititsa kuti ndege zingapo ziimitsidwe kuti zichotsedwe zidutswazo. Pamene kupanga chipangizo chooneka ngati chenicheni kukuphweka, udindo wa oyendera ndi ogula katundu wotsimikiza komwe chachokera ukukula.

Africa ndi Malawi

Kuno ku Africa, dziko la South Africa ndi lomwe laikapo mtima kwambiri. Bungwe lake la kafukufuku la CSIR ndi kampani ya Aerosud anayamba mu 2011 ntchito ya Aeroswift mothandizidwa ndi boma, ndipo anamanga ku Pretoria makina otha kuumba chipangizo cha titaniyamu chotalika mamita awiri. Cholinga chinali chakuti dzikolo, lomwe lili ndi mchenga wambiri wokhala ndi titaniyamu, lizipanga zinthu zomalizidwa m'malo mongogulitsa mchengawo kunja.

Amalawi opita kunja kudzera ku Addis Ababa amatha kukwera ndege za Boeing 787, Airbus A350 kapena Boeing 737 MAX za kampani ya Ethiopian Airlines, yomwenso ili ndi magawo 49 pa 100 aliwonse a kampani ya ndege ya dziko lino. Mitundu yonse itatuyi imagwiritsa ntchito zipangizo zoumbidwa.

Dziko lino lilinso ndi miyala yomwe imafunika pa ntchitoyi. Ku Kasiya m'boma la Lilongwe, kampani ya Sovereign Metals ya ku Australia inapeza rutile, yemwe ndi gwero la titaniyamu, ndipo imati palibe malo ena odziwika pa dziko lonse omwe ali ndi rutile wachilengedwe wochuluka chotere. Kampani ya Rio Tinto inagula magawo m'kampaniyi mu 2023. Ku Kanyika m'boma la Mzimba kuli niobium, yemwe amapanga pafupifupi 5 peresenti ya chitsulo cha Inconel 718 chomwe chimagwiritsidwa ntchito kwambiri poumba zigawo za mainjini.

Komabe pakati pa mwala ndi ufa woumbira pali mtunda wautali. Miyala yoposa 90 peresenti ya titaniyamu yomwe imakumbidwa pa dziko lonse imathera ku mafakitale opanga utoto woyera wa penti, mapepala ndi pulasitiki. Kuisandutsa chitsulo kumafuna magetsi ochuluka, ndipo kumachitika m'mayiko ochepa monga China, Japan, Russia ndi Kazakhstan. Masomphenya a Malawi 2063, omwe anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, anaika migodi ndi mafakitale pakati pa nsanamira za chitukuko, ndipo funso la gawo lomwe dziko lingatenge pa mtunda umenewu ndi lomwe okonza ndondomeko ayenera kuliyankha ndi ziwerengero za magetsi, ndalama ndi anthu ophunzira.

Pomwe Amalawi agwirapo kale ntchito ndi pa tindege topanda woyendetsa, tomwe ambiri amati ma drone. Mu 2017 boma ndi bungwe la UNICEF anatsegula malo oyesera tindegeti ku Kasungu. M'chaka chomwecho ophunzira a m'dziko muno, mothandizidwa ndi akatswiri a sukulu ya ukachenjede ya Virginia Tech, anamanga kandege ka EcoSoar komwe zidutswa zake zina zinali zoumbidwa ndi pulasitiki, ndipo kanauluka kokha makilomita 19. Mu Januwale 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy inatsegulidwa ku Lilongwe.

Mbiri ya kampopi ka LEAP ikusonyeza ndondomeko yomwe ntchito yotere imatsata. GE inagula kampani ya Morris mu 2012, fakitale inayamba mu 2015, anthu anakwera ndege yake mu 2016, ndipo nsonga ya nambala 100,000 inatuluka mu 2021. M'zaka zonsezi makina anali gawo limodzi chabe la ntchito. Mbali yaikulu inali ya akatswiri a zitsulo, malabotale oyezera, magetsi osadukiza, miyezo yolembedwa komanso oyendera omwe ali ndi mphamvu yokana chipangizo chosakwanira. Bungwe lililonse la boma lomwe lingaganize zogula makina oterewa, kaya a sukulu, a chipatala kapena a malo okonzera ndege, liyenera kuwerengera zinthu zimenezi mu bajeti yomweyo.